Thiransifoma ya m'thumba: mafunso ndi mayankho pa magetsi odyetsa purosesa ya foni

Ndinakhalapo pabenchi la wokonza mafoni pamsika, ndikudikira yanga imene inangothima osadzukanso. Mnyamatayo anaitsegula, n'kuika bodi pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kuloza ndi kachitsulo kake kachip kakuda kozunguliridwa ndi timabokosi totuwa tonga njere za mpunga. "Akulu, purosesa ili bwinobwino. Yapsa ndi power IC iyi." Anaipemerera mpweya wotentha mpaka inamatuka, n'kuikapo ina yochotsa m'foni yakufa, foni n'kuyaka. Kachip kameneko akatswiri opanga mapurosesa akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 15: ntchito yake ikhalebe panja, kapena ilowe m'kati mwa purosesa momwemo?

Batire ili ndi magetsi kale. Chinanso chowongolera n'chachiyani?

Magetsi a batire ndi aukali kuposa amene purosesa ingapirire. Batire ya lithium ikadzaza imakhala pa mavolti 4.2 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo imanka nitsika mpaka cha m'ma 3.3 foni ikamati ithime. Mathiransisita a m'purosesa yamakono, amene pa chip ya A17 Pro ya Apple ya mu 2023 alipo 19 biliyoni, amafuna volti imodzi kapena kucheperapo. Kuwalumikiza ku batire mwachindunji n'kuwaotcha.

Zili ngati mmene magetsi amatifikira kunyumba. Akachoka ku Nkula kapena ku Kapichira amayenda pa mawaya a mavolti 66,000 kapena 132,000, pa siteshoni amatsitsidwa kufika pa 33,000 kapena 11,000, ndipo thiransifoma ya pamitengo ija imawafikitsa pa 230. Tchaja imatsitsanso, batire imasunga pafupifupi 4, ndiye pamafunika womaliza wotsitsa kufika pansi pa volti imodzi. Dzina lake ndi regulator, liwu limene ogwiritsa ntchito sola amalidziwa kale. Mkangano wagona pa malo amene regulator yomalizayi iyenera kukhala.

Power IC ija imatsitsa bwanji volteji?

Imadula magetsi m'zidutswa. M'kati mwake muli maswichi a thiransisita amene amayaka ndi kuzima maulendo mamiliyoni angapo pa sekondi. Swichi ikamayaka gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a nthawi, mavolti 4 amasanduka volti imodzi. Chotuluka pamenepo chimakhala chodukaduka, choncho chimadutsa mu koyilo ndi m'makapasita kuti chisalale. Timabokosi totuwa tija ndi makoyilo. Akatswiri amaitcha buck njira imeneyi, ndipo yabwino imafikitsa pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu kumene ikufunika. Yotsalayo imasanduka kutentha.

Power IC, imene opanga amailemba kuti PMIC, situlutsa mzere umodzi wokha. Ma core (magawo owerengetsa a m'purosesa) akuluakulu ali ndi mzere wawo, ang'onoang'ono wawo, GPU yojambula zithunzi wake, memory wake, kamera wake. Mafoni odula amakhala ndi ma PMIC angapo. Kuti si kachip kamasewera zinaoneka mu Okutobala 2018, pamene Apple inapangana ndi kampani ya Dialog Semiconductor, imene inkaipangira machip amenewa, mgwirizano wa madola 600 miliyoni, n'kutenga mainjiniya ake oposa 300 kuti izidzipangira yokha.

Ngati ikugwira bwino chonchi, kuisamutsa n'kufuna chiyani?

Vuto ndi mtunda, komanso nthawi. Mtundawo ndi wa sentimita imodzi kapena ziwiri basi, koma taonani zimene zimadutsamo. Purosesa ya foni yamphamvu ikalemedwa imatha kudya mawati 8. Pa mavolti 0.8, amenewo ndi ma amp 10. Ketulo yamagetsi ya mawati 2,000 ya kukhitchini imakoka ma amp osakwana 9. Ndithu, karenti yodutsa m'timizere ta kopa ta pabodi ya foni imatha kuposa ya ketulo, ngakhale kwa kanthawi. Tsono mphamvu yotayika m'waya imakula mofulumira kuposa karentiyo: karenti ikawirikiza kawiri, zotayika zimawirikiza kanayi. Mukatumiza mawati 8 omwewo pa mavolti 1.8, n'kukatsitsira pakhomo penipeni pa core, karenti imatsika kufika pa ma amp 4.4, ndipo zotayika m'njira zimatsala gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndi nzeru yomwe ija yoyendetsera magetsi a ku Nkula pa volteji yaikulu.

Koma nkhani yaikulu ndi nthawi. Regulator ya panja ikauzidwa kuti isinthe volteji, imatha kutenga ma microsecond 10 kapena kuposerapo isanakhazikike. Microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, ndiye kwa inu ndi ine imeneyo si nthawi n'komwe. Koma core yothamanga pa 3 GHz imaponda masitepe 30,000 pa nthawi imeneyo. Ndipo ntchito ya foni siyenda mwandondo. Chala chagunda galasi, core yadzuka, yagwira pang'ono, kenako ili khale kudikira memory. Volteji ikamachedwa kutsika, core imadya ikungodikira. Ikamachedwa kukwera, core imayamba yaima kaye isanathamange. Regulator ya pa chip imasintha m'ma nanosecond, timagawo ta sekondi tochepa ka 1,000 kuposa microsecond, choncho imatha kutsatira core phazi ndi phazi.

Bwanji mukungokamba za volteji? Si liwiro limene limadya batire?

Zonse ziwiri zimadya, koma volteji imadya kawiri. Mphamvu imene mathiransisita amagwiritsa ntchito posinthasintha imayendera volteji kuchulukitsa ndi volteji yomweyo, kenako kuchulukitsa ndi liwiro. Mukatsitsa kuchoka pa volti 1 kufika pa 0.8, mwachotsa 20 peresenti ya volteji koma 36 peresenti ya mphamvu. Chovuta n'chakuti core yofuna kuthamanga kwambiri imafunanso volteji yokwera, ndiye ziwirizi amazikweza ndi kuzitsitsa limodzi. Njirayi imatchedwa DVFS.

Kale zinkangodziyendera. Robert Dennard wa ku IBM ndi anzake anasonyeza mu 1974 kuti thiransisita ikachepa, volteji yake ingachepenso mofanana. Mapurosesa a m'ma 1980 ankayendera mavolti 5, a pakati pa zaka za m'ma 1990 mavolti 3.3, ndipo pofika cha m'ma 2005 anali atayandikira volti imodzi. Pamenepo zinaima, chifukwa kutsitsanso kunkachititsa kuti mathiransisita azidontha magetsi ngakhale atazimitsidwa, ngati mpopi wotha labala. Kuchokera nthawi imeneyo opanga machip amalimbirana timagawo ta volti, ma millivolt 20 apa, 50 apo, ngati wamalonda wowerengera tambala iliyonse.

Ma core onse sangagawane mzere umodzi?

Amagawana, ndipo ndi pamene pamatayikira zambiri. Mzere ukakhala umodzi, volteji yake iyenera kukwanira core imene ikuthamanga kwambiri. Kuli ngati kugawira nyumba yonse, agogo ndi kamwana komwe, mitanda ya nsima yofanana ndi ya mnyamata wochokera koumba njerwa. Core imodzi ikutsegula tsamba la pa intaneti pa mavolti 0.9, zitatu zina zikungoyang'anira mauthenga ndipo 0.6 ikanazikwanira, koma zonse zikulandira 0.9.

Kupatsa core iliyonse mzere wake wochokera panja n'kotheka papepala. Koma mzere uliwonse umafuna koyilo yake, makapasita ake ndi timiyendo take pansi pa chip, pomwe bodi ya foni ikulimbirana malo ndi batire ndi makamera. N'chifukwa chake mafoni ambiri amagawa m'magulu. Kampani ya Arm italengeza dongosolo la big.LITTLE mu 2011, zinafala kuti ma core akuluakulu akhale ndi mzere wawo, ang'onoang'ono wawo. Regulator ya pa chip imalola kugawa mopitirira pamenepo popanda kuwonjezera kanthu pabodi.

Akatswiri amatchulatchula za droop. N'chiyani?

Amene anakhalapo pafupi ndi chigayo chamagetsi amaidziwa: mota ikangolizidwa, mababu a m'nyumba zoyandikana amaphethira. Chinthu chikakoka karenti yambiri mwadzidzidzi, volteji imayamba yagwa isanabwerere. M'purosesa zimachitika m'ma nanosecond ochepa, ma core akadzuka pamodzi kapena GPU ikayamba kujambula. Waya aliyense amakana kusintha kwadzidzidzi kwa karenti, ndipo wautali amakana kwambiri. Volteji ikagwa kupitirira malire, core imawerengetsa molakwika, foni n'kuuma kapena kuyambiranso yokha.

Mankhwala akale ndi kuika volteji yapadera pamwamba pa yofunikayo, nthawi zonse, yodikirira tsiku la tsoka. Tsokalo limabwera mwa kamodzikamodzi, koma batire imalipira sekondi iliyonse. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene regulator ya pa chip imapindulitsa zenizeni: ili pafupi, imaona volteji ikuyamba kugwa, n'kuyankha isanafike pansi, choncho yapadera ija ikhoza kudulidwa.

Koma si yokhayo imene ingachite zimenezi. Makapasita oikidwa pafupi ndi chip ali ngati ndowa za madzi zosungidwa m'nyumba, zotungamo mpopi ukaphwa pang'ono. Ndipo AMD, m'mapurosesa ake a Kaveri a mu 2014, inaikamo kachenjerero kena: chip ikamva volteji ikugwa, imachedwetsa wotchi yake kwa kamphindi mpaka volteji ibwerere. Munthu sangazindikire n'komwe kuti yachedwa.

Ma regulator a pa chip alipo amitundu ingati?

Itatu. Woyamba ndi buck yomwe ija, itachepetsedwa kuti ikwane pa chip kapena m'phukusi limene chip imakhalamo. Wachiwiri ndi wa makapasita okhaokha: awiri amadzazidwa atalumikizidwa motsatizana, n'kukhuthulidwa atalumikizidwa mbali ndi mbali, volteji n'kugawika pakati. Umenewu umagwira bwino pa magawo okhazikika monga theka kapena gawo limodzi mwa atatu, koma ukaupempha china chapakati umayamba kutaya. Wachitatu ndi LDO. Iyi sidula magetsi n'komwe. Ndi vavu chabe yofinya njira, ndipo volteji yotsalayo imaiotcha kukhala kutentha.

LDO ikumveka yowononga. Bwanji ndi imene yafala?

Ndi yowononga ndithu kusiyana kukakhala kwakukulu. Mutaigwiritsa ntchito kutsitsa mavolti 3.8 a batire kufika pa 0.8, mphamvu yofika kwa core ingakhale 21 peresenti yokha. Palibe amene amachita zimenezo pa purosesa. Koma ikabwera pambuyo pa buck ya panja, n'kungometa pang'ono, masamu ake amasintha.

Titenge core yofuna mavolti 0.7 imene ili pa mzere wa 0.9. Popanda chilichonse, tinene kuti ikudya 100. Ndi LDO imadya 78, chifukwa volteji ikatsika karenti imene core imakoka imatsikanso. Ndi buck ya pa chip yofikitsa 90 peresenti imadya 67. Ndi regulator ya m'maloto, yosataya kanthu, ingadye 60. Ndiye kuti LDO yatenga kupitirira theka la phindu lonse lotheka, popanda koyilo, pa kamalo kochepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Palinso china. Core iliyonse imakhala kale ndi mathiransisita akuluakulu oidulira magetsi ikagona. Mathiransisita omwewo akagawidwa m'timaswichi tambirimbiri, n'kumayatsa ochepa kapena ambiri malinga ndi kufunika, asanduka LDO ya digito. Core ikafuna volteji yonse, onse amayaka. Ikagona, onse amazima. Chipangizo chimodzi, ntchito zitatu.

Ganizoli linachokera kuti?

Lagwiridwa ndi manja ambiri, koma ntchito imene imatchulidwa kawirikawiri ndi ya ku yunivesite ya Harvard. Mu 2008, Wonyoung Kim, Meeta Gupta, Gu-Yeon Wei ndi David Brooks anasonyeza ndi masamu kuti volteji yosintha mofulumira, core iliyonse payokha, ingapulumutse mphamvu yochuluka kuposa DVFS yochokera panja. Mu Febuluwale 2011, pa msonkhano wa ISSCC ku San Francisco, Kim anaonetsa chip yeniyeni. Inkalandira mavolti 2.4 n'kutulutsa pakati pa 0.4 ndi 1.4, ndipo inkatha kusintha volti yathunthu m'ma nanosecond osakwana 20. Pa core ya 3 GHz amenewo ndi masitepe 60, osati 30,000.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi kumene nkhaniyi inathera. Kim anayambitsa kampani ya Lion Semiconductor, koma imene inatchuka nayo si regulator ya m'kati mwa purosesa. Inatchuka ndi machip a makapasita otchajira mafoni mofulumira, okhala panja, pafupi ndi batire. Cirrus Logic inaigula mu 2021 pa madola 335 miliyoni.

Pa zinthu zogulitsa, ndani anayesa buck yathunthu m'purosesa?

Intel, ndipo mbiri yake ndi yopita ndi kubwerera. Mu Juni 2013 inatulutsa mapurosesa a Haswell okhala ndi chimene inachitcha FIVR. M'malo mwa mizere ingapo yochokera pabodi, purosesa inkalandira mzere umodzi wa mavolti pafupifupi 1.8 n'kudzigawira yokha m'kati: ma core, gawo la zithunzi, ndi zina. Kuti koyilo ichepe, maswichi ankayenera kuthamanga pa 140 MHz, kuwirikiza makumi angapo liwiro la power IC ya foni. Makoyilo ake anali timizere ta kopa topindidwa m'phukusi la chip, topanda chitsulo cha maginito pakati.

Chaka chotsatira, pa Core M ya malaputopu opyapyala opanda fani, phukusi linachepa moti makoyilo anasowa malo. Anawaika pa kabodi kena kolendewera pansi pa purosesa, ndipo opanga malaputopu ankaboola bodi yaikulu kuti kabodiko kalowe. Mu 2015, pa Skylake, Intel inachotsa FIVR m'mapurosesa a malaputopu ndi makompyuta a kunyumba. Mu 2019, pa Ice Lake, inaibwezera. Meteor Lake ya mu Disembala 2023 inabwera ndi mtundu wa LDO ya digito wotchedwa DLVR. Ndipo Lunar Lake ya mu Seputembala 2024, imene inapangidwira kusunga batire, inadalira ma PMIC a panja ngati mmene mafoni amachitira.

Walira mvula walira matope. Ndi FIVR, kutentha kumene kunali pabodi tsopano kuli m'phukusi limodzi ndi ma core. Magetsi akutsitsidwa kawiri, ndipo 90 peresenti ya 90 peresenti ndi 81. Komanso swichi yothamanga pa 140 MHz imadya yokha ngakhale core isakuchita kanthu.

AMD inasankha njira yofatsa. Pa Ryzen Mobile ya mu Okutobala 2017, ma core ndi GPU zinagawana mzere umodzi wochokera panja, ndipo chilichonse chinali ndi LDO yake ya digito yometera.

Chikuletsa n'chiyani kuti buck yonse ilowe m'chip ya foni?

Choyamba ndi koyilo. Thiransisita imachepa chaka ndi chaka, koma koyilo imasunga mphamvu mu maginito, ndipo maginito amafuna malo. Ukaichepetsa, uyenera kuthamangitsa swichi, ndipo swichi yothamanga imataya zambiri. Ukaijambula pa silicon, timawaya take timakhala topyapyala kwambiri n'kumatentha. Pali makampani amene amapaka timiyalo ta zitsulo zamaginito pamwamba pa chip kuti koyilo yaing'ono isunge zambiri, koma n'kuwonjezera ntchito ndi mtengo.

Chachiwiri ndi mtengo wa malo. Silicon ya purosesa ya luso la 3 nm ili ngati poloti la pakati pa tauni, ndipo palibe amene amamangapo khola la mbuzi. Power IC imapangidwa ndi luso lakale lotsika mtengo, la mathiransisita onenepa amene amapirira mavolti 5 osadandaula. Mathiransisita a m'purosesa, kuti apirire volteji ya batire, ayenera kusanjikizidwa angapo.

Chachitatu ndi khalidwe la foniyo. Nthawi yambiri ya tsiku imakhala m'thumba, ikungomvetsera netiweki, ndipo pamenepo ndi pamene regulator yothamanga imaluza kwambiri. Laputopu ili ndi fani kapena chitsulo chachikulu chochotsera kutentha. Foni ili ndi dzanja lanu.

Ndiye m'foni yangayi muli chiyani?

Zosakaniza. Ntchito yolemera yotsitsa kuchoka pa batire ikuchitikabe panja, mu power IC. M'kati mwa purosesa muli maswichi odulira magetsi magawo amene agona, ma LDO a zigawo zosafuna phokoso la magetsi, ndi timasensa toyeza kutentha ndi liwiro la mathiransisita.

Chitsanzo chooneka bwino ndi Snapdragon 800 ya Qualcomm ya mu 2013, imene inali mu Nexus 5 ndi LG G2. Ma core ake anayi a Krait ankagawana mzere umodzi, koma iliyonse inali ndi LDO yake pamodzi ndi swichi yolambalala. Core yothamanga kwambiri inkamwa mwachindunji, yofatsa inkamwera mu LDO. Pulogalamu yoyendetsa zimenezi inatulutsidwa poyera m'kodi ya Android, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga kodi angaione.

Timasensa tija tili ndi ntchito ina yosaoneka. Machip awiri otuluka m'fakitale imodzi tsiku limodzi safanana, monga ana a mimba imodzi. Wina amathamanga bwino pa volteji yotsika, wina amafuna yokwererapo. M'malo mopatsa onse volteji ya wofooka kwambiri, chip imadziyeza yokha n'kuuza power IC zimene ikufuna. Mafoni a Tecno ndi itel, amene ambiri amayendera machip a MediaTek kapena Unisoc, ali ndi dongosolo lomweli la purosesa payokha ndi power IC payokha. Okonza mafoni amadziwa pamtima manambala onga MT6357, power IC ya MediaTek yopezeka m'mafoni ambiri otsika mtengo.

Foni yanga yakale imathima batire ili pa 30 peresenti ndikatsegula kamera. Regulator ya pa chip ingathetse zimenezi?

Ayi. Vutolo lili kumtunda kwa mtsinje. Batire ikakalamba, kapena ikazizira, imakanika kutulutsa karenti yambiri nthawi imodzi. Kamera ndi purosesa zikakoka pamodzi, volteji ya batireyo imagwa kupitirira pamene power IC ingagwirire ntchito, foni n'kudzithimitsa. Ndi droop yomwe ija, koma ya batire.

Apple inakumana nazo pa iPhone 6 ndi 6s. Mu Januwale 2017, kudzera mu iOS 10.2.1, inayamba kuchedwetsa purosesa m'mafoni a mabatire otopa kuti asakoke karenti yochuluka mwadzidzidzi. Mwaluso inali nzeru yomveka. Cholakwika chinali kusauza eni mafoni. Inavomera mu Disembala 2017, n'kutsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29, ndipo mu Febuluwale 2020 boma la France linailipitsa chindapusa cha ma euro 25 miliyoni. Yanuyo musinthireni batire.

Ngati pulogalamu ingasinthe volteji, wakuba sangalowere pomwepo?

Analowerapo kale. Mu 2017, akatswiri a ku Columbia University anasonyeza njira yotchedwa CLKSCREW pa foni ya Nexus 6. Anakankha liwiro la core kupitirira limene volteji yake ingapirire, pa nthawi yeniyeni imene inkawerengetsa zachinsinsi m'chigawo chotetezedwa cha TrustZone. Core inalakwitsa, ndipo kuchokera m'zolakwikazo anatulutsa kiyi yachinsinsi. Mu Disembala 2019 gulu lina linachita zofanana pa mapurosesa a Intel mwa kutsitsa volteji, njira yotchedwa Plundervolt, ndipo Intel inayankha polola opanga makompyuta kutseka khomo losinthira volteji. Kudula volteji yapadera ija kumapulumutsa batire, koma kumasiyanso core itaima m'mphepete mwa phompho, pomwe kukankha pang'ono n'kokwanira.

Nanga ma app olonjeza kusunga batire amakhudza zimenezi?

Sakhudza. App wamba alibe chilolezo chofika pa volteji ya purosesa. Zambiri zimene amachita ndi kutseka mapulogalamu ena, amene amadzatsegukanso n'kudya kuposa poyamba.

Zikulowera kuti, ndipo wokonza mafoni uja adzatani?

Regulator ikusendera pafupi pang'onopang'ono, osati modumpha. Makapasita analowa kale pansi pa phukusi la chip. Intel, ndi luso lake la PowerVia, yasamutsira mawaya a magetsi kuseri kwa chip kuti asamapikisane njira ndi mawaya a mauthenga, ndipo zimenezi zikufupikitsa mtunda popanda kusuntha regulator n'komwe. Buck yathunthu ya m'phukusi ikufunidwa kwambiri ndi machip akuluakulu a m'malo osungira makompyuta, odya mawati mazanamazana, kumene karenti yafika poti bodi singainyamule. Foni ya mawati 8 siinafike pamenepo, ndipo sindikuona power IC ikuchoka pabodi yake posachedwa.

Ikadzachoka, woyamba kumva kuwawa adzakhala mnyamata wa pamsika uja. Power IC ndi imene imayang'anizana ndi magetsi ochokera ku batire ndi ku tchaja, ndiye ndi imodzi mwa zimene zimayamba kupsa madzi akalowa kapena tchaja ikakhala yachinyengo. Panopa ikapsa imamatulidwa, ina n'kulowa. Purosesa n'zina: pa mafoni ambiri odula memory imamatidwa pamwamba pake, ndipo makiyi otsekulira zithunzi ndi mauthenga anu amamangirizidwa ku purosesayo, moti kuisintha n'kutaya zonse zimene zinali m'foni. Yanga ija anaikonza ndisanamalize chimanga chootcha chimene ndinagula podikira, ndipo zithunzi zonse ndinazipeza zilimo.